Mchere wa Pambali

Kwathu, kumtunda kwa Malomo
Lachiwiri, 6 Juni 2023

Okondedwa achemwali a Mercy,

Kuno kwacha ndi nkhungu yoti ukaima pakhomo ngakhale chigafa cha fodya cha atate sichikuoneka. Nthawi ili cha m'ma 8 koloko koma dzuwa silinatuluke, ndipo ndikulemba nditafunda zitenje ziwiri. Muli bwanji ku Mponelako? Alamu ndi ana ali bwanji? Kuno atate ali bwino, amayi aakulu a Rozina ali bwino, mbuzi nazo zili bwino. Wodwala ndine ndekha.

Mudabwa kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Mawu andithera. Sindikunena za manyazi anga aja ayi. Ndikatsegula pakamwa pakutuluka mpweya wokha. Anatha Loweruka m'mawa, koma panyumba pano anazindikira Lolemba madzulo. Lamulungu ndinapita kutchalitchi, ndinaima pamzere wanga wakumbuyo mu kwaya, ndinayasamula nyimbo zonse zinayi. Titatuluka wotsogolera kwaya anati ife a mawu achiwiri tinaimba bwino kuposa masiku onse. Sindikudziwa ngati ndikondwere.

Zinayamba chonchi. Pa 28 Meyi kwaya yathu inapita ku Chezi kukaimba ndi makwaya ena. M'minibasi tinadzazana, mawindo onse otseka chifukwa cha mphepo. Mayi amene ndinakhala nawo pafupi anayetsemula kuchokera pa Malomo mpaka kukafika. Ndinafuna kutembenuza nkhope koma ndinaopa kuti aganiza kuti ndikunyansidwa nawo. Ndiye ndinangolandira zonse mwaulemu. Lachitatu pakhosi panayamba kuyabwa, kenako mamina, kenako mutu. Ndinapitirizabe kusankha fodya ndi atate chifukwa mabelo akufunika kudinda mwezi uno.

Mphuno zatsekeka moti sindikumva fungo kapena kukoma kwa chilichonse. Lachisanu ndinathira mchere m'nyemba, kulawa, osamva. Ndinathiranso, osamvabe. Ndinathira kachitatu. Atate anadya osanena kanthu, mukuwadziwa, kenako anamwa madzi makapu atatu motsatizana. Kuyambira tsiku limenelo ndikuphika wopanda mchere, ndikumawaikira mcherewo pakambale pambali kuti azithira okha.

Tsopano chimene chikundisowetsa tulo ndi ichi. Loweruka pa 24 kukubwera ankhoswe a Elia, mnyamata wa ku esiteti uja, amene makolo ake ndi matenanti ochokera ku Phalombe. Yemwe uja munamuseka kuti zinamutengera chaka chathunthu kuti andifunse dzina. Atsibweni a Howard anena kale kuti adzandifunsa pamaso pa anthu ngati ndikumudziwa ndiponso ngati ndikumufuna, ndipo sadzalola zogwedeza mutu. Akufuna adzamve ndi makutu awo. Moyo wanga wonse ndakhala ndi mawu osawagwiritsa ntchito. Tsiku limodzi lokha limene akufunika, athawa.

Inu ndinu a zaumoyo, ndiuzeni chochita. Kodi ndigule makapusolo kugolosale? Mai a pagolosale akuti ofiira ndi achikasu aja amachiza chilichonse. Yankho mupatse a Kalebe a njinga yamoto, omwe abweretsa kalatayi.

Ndine mng'ono wanu,
Rakele

*

Mponela
Lachinayi, 8 Juni 2023

Iwe Rakele,

Moni kwa atate ndi amayi aakulu. Kuno tonse tili bwino. Kalata yako ndinaiwerengera kuntchito ndipo ndinaseka mpaka anzanga anafuna kundilanda. Masiku atatu osadziwika kuti mawu atha! Ine atanditha ola limodzi msika wonse wa Mponela ukhoza kuchita phwando.

Makapusolo usagule. Ndabwereza, usagule. Tamvera ndikuuze zimene ndimauza amayi kusikelo.

Nkhungu sinakudwalitse. Anakudwalitsa ndi mayi a m'minibasi aja, ndi ulemu wakowo. Matenda a m'mphuno ndi pakhosi amabwera ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo tambiri ndi ta mtundu umene timati mavairasi. Timauluka m'timalovu munthu akayetsemula kapena kutsokomola, tina timatsalira m'manja, iwe n'kupatsana naye moni kenako n'kudzigwira kumphuno. Nyengo yozizira timafala kwambiri chifukwa anthu timapanikizana m'nyumba ndi m'galimoto titatseka mawindo. Fumbi la fodya ndi utsi wa kukhitchini sizibweretsa kachilombo, koma zimakanda pamene patupa kale, ndiye kuchira kumachedwa.

Dzina la nthendayo limatengera pamene tizilomboto takhazikika. Tikakhala m'mphuno ndi chimfine wamba, chija cha mamina ndi kuyetsemula, chimatha chokha pa sabata imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Fuluwenza ndi wina, amagwetsa munthu pamphasa, thupi kutentha ndi kuphwanya monse. Nthawi zina timalowa m'timphako ta m'mafupa a kumaso, ndiye masaya ndi chipumi zimapweteka ukawerama. Pena timatupitsa timinofu tiwiri ta m'mbali mwa khosi, kumeza malovu kumakhala ngati ukumeza minga. Utenge galasi uyang'ane. Ukaona timawanga toyera ngati mafinya, thupi likutentha, upite kuchipatala, chifukwa pamenepo pakhoza kukhala tizilombo tina totchedwa mabakiteriya, ndipo ndi tokhato timene makapusolo amapha. Koma monga wafotokozera, ako anayambira m'mphuno n'kutsikira pakholingo, pamene pamachokera mawu. Patupa, n'chifukwa chake sipakulira.

Uchite izi. Uzimwa madzi ofunda ambiri, ukapeza mandimu ufinyiremo. Upumitse mawu, ntchito imene unabadwa ukuidziwa kale. Ngakhale kunong'ona usanong'one, kumapweteka kholingo kuposa kulankhula. Posankha fodya uzimange kansalu kumphuno ndi kukamwa. Ndiye m'mawa uliwonse usungunule mchere theka la kasupuni m'kapu ya madzi ofunda, uvumate, uyang'ane kumwamba, uwalize pakhosi, ulavule. Ubwereze mpaka kapu ithe. Uziyetsemulira m'chigongono ndi kusamba m'manja ndi sopo, apo ayi upatsira atate. Ukayamba kubanika, kapena masabata atatu akakwana mawu osabwerera, kuchipatala msanga.

Pofika pa 24 udzakhala ukulankhula. Mawu ofunika ndi awiri okha, ngakhale iwe ungakwanitse. Undilembere sabata yamawa ndimve.

Mkulu wako,
Mercy

*

Kwathu
Lachiwiri, 13 Juni 2023

Achemwali,

Moni nonse. Zikomo chifukwa cha kalata. Ndaiwerenga kanayi. Pagalasi ndinayang'ana, mawanga oyera palibe, ndinangoona nkhope ya munthu wopusa atayasama.

Za madzi amchere zija simunandiuze kuti zimalira chonchija. Tsiku loyamba ndinachitira kukhitchini. Atate anatuluka m'nyumba akuthamanga ndi mpeni, kulunjika kukhola, poganiza kuti mbuzi yatsamwa ndi pulasitiki. Ndinameza madziwo ndi mantha ndipo sindinawauze kuti mbuziyo ndinali ine. Kuyambira pamenepo ndimadzuka kusanayere bwino, kutenga kapu yanga ndi mchere pakapepala, kukachitira kuseri kwa chigafa kumene kulibe anthu.

Ndimayesa kulibe anthu. Ndinaiwala kuti njira yochokera ku esiteti kupita kumjigo imadutsa pomwepo. Loweruka ndili chiyang'anire kumwamba, ndikulira ngati njinga ya a Kalebe ikamakana kuyaka, ndinangoona Elia waima ndi zigubu ziwiri. Achemwali, ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinathawa kusiya kapu. M'mawa mwake ndinapeza kapuyo yotsukidwa, ili pamtanda wa chigafa, pambali pake pali mandimu anayi. Tsopano tsiku lililonse amasiya mandimu, n'kukaima cha apo atandifulatira kuti ndisachite manyazi, ngati mlonda, mpaka nditamaliza. Sitilankhulana. Ine sindingathe, iye sanazolowere. Tikadzakwatirana anthu azidzayesa nyumba yathu ndi bwinja.

Mawu akubwera pang'ono. Dzulo ndinaitana nkhuku ndipo imodzi inatembenuka.

Koma atate ayamba kutsokomola kuyambira Lachinayi. Ndikudziwa kuti ndine ndawapatsira, chifukwa malangizo a chigongono anafika nditawayetsemulira kale sabata yathunthu m'chigafa. Amayi aakulu anabwera Lamulungu kudzawaona. Anapeza atate akudya, kambale ka mchere kali pambali. Anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anandiyang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundifunsa ngati ndili ndi chowauza. Ndinaloza pakhosi. Anatenga mbale ya atate n'kupita nayo, ndipo kuyambira pamenepo akuwaphikira ndi iwo. Ndiye kuti mbiri ya nyemba zanga yafika patali. Sindikudandaula, ndapumako ku utsi monga munanenera.

Mundiuze ngati atate akufunika kupita kuchipatala.

Rakele

*

Lachinayi, 15 Juni 2023

Mwana wanga Mercy,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Ndikhulupirira kuti iwe, amuna ako ndi adzukulu anga muli bwino. Kalatayi ndapatsira Mai Tikondwe amene akubwera kumeneko ndi tomato, chifukwa nkhani yake si yopatsira anthu a njinga.

Amayi ako a Eveline, mng'ono wanga, pomwalira anandigwira dzanja nati ndiyang'anire Rakele. Ndikulemba ndi mtima wosweka chifukwa ndikuona kuti ndalephera.

Ine ndakhala m'Chigwirizano cha amayi zaka makumi atatu. Za makolo zambiri ndinazisiya. Koma maso ndili nawo, ndipo zina sizinama. Iwe unakulira kuno, ukudziwa kuti mkazi akagona ndi mwamuna mobisa sayenera kuthira mchere m'ndiwo, chifukwa odyawo amadwala mdulo, chifuwa chosatha ndi kuwonda. Mkazi wodziwa kuti walakwa amaika mchere pambali. Tsono tamva. Mng'ono wako anathira mchere, atate ako anayamba kutsokomola. Lero ndi sabata yachiwiri akuika mchere pambali. Akanakhala kuti ali kumwezi, bwenzi atamaliza kale.

Sindinafune kuweruza msanga, ndiye ndinayamba kudzuka m'mamawa. Masiku anayi otsatizana ndamuona ndi maso angawa akuzemba kusanayere kupita kuseri kwa chigafa. Pakapita nthawi mnyamata wa ku esiteti uja amatulukira mbali ina atanyamula zigubu, iye n'kutulukira mbali ina atafumbata mandimu. Sindinayandikire, ndine munthu wamkulu, zina si zoti ndizione. Ndiponso malowo ayipa. Kwayamba kulira chinthu chachilendo kumeneko m'mamawa. Atsibweni ako a Howard nawonso akuchimva ali kwawo, akuti ndi chule. Chule wanji wolira mu Juni madambo atauma? Ine ndikuti ndi malodza.

Ndinamufunsa ngati ali ndi chondiuza. Anangoloza pakhosi. Mawu amatha bwanji pa nthawi yomwe munthu akufunsidwa?

Ndauza a Howard. Agamula kuti anthu a mnyamatayo abwere ndithu pa 24, koma osati kudzakamba za ukwati. Adzayankhe mlandu. Zikapezeka zoona ndidzakanena ndekha kwa akulu a mpingo, ukwati wa m'tchalitchi sipadzakhala, ndipo a Howard akuti mnyamata wosadziwa kudikira sadzamanga nyumba pamudzi pano. Ine ndinanena kale kuti anthu obwera ndi fodya amapitanso ndi fodya.

Iwe amakumvera. Mufunse aulule, mwina atate ako angapeze mankhwala nthawi ikadalipo.

Amayi ako aakulu,
Rozina

*

Mponela
Loweruka, 17 Juni 2023

Rakele,

Moni. Ndalandira kalata ya amayi aakulu. Yako sindinalandire, ngakhale ndinakupempha kuti undilembere.

Akuti umakumana ndi Elia kuseri kwa chigafa m'mamawa, wagona naye, ndipo wadula atate ndi mchere. Akuti pa 24 padzakhala mlandu, osati ukwati. Za mdulo usazimvere. Chifuwa cha atate ndi chimfine chako chomwecho. Komabe pa msinkhu wawo apite akapimitse makhololo, tisamangoganiza, pali TB kunjaku. Za mchere wa pambali ndikuzidziwa, unandiuza chifukwa chake.

Koma za kuchigafa sindikuzidziwa. Amayi aakulu amakokomeza koma sanama pa zimene aona. Ngati pali chimene chachitika, si kutha kwa dziko, ndipo ine sindingakutaye. Chikundiwawa n'chakuti ndikumvera kwa ena. Ndinakubereka kumsana ine. Wangoti zii chifukwa chiyani?

Mercy

*

Kwathu
Lachiwiri, 20 Juni 2023

Achemwali,

Moni. Kalata yanu anabwera nayo Mai Tikondwe Lamulungu, ndipo anandipatsa atagwira kunsonga ngati ine ndine moto. Nditawerenga ndinakhala pansi pakhonde mpaka mapazi anachita dzanzi. Ndiye kuti mudzi wonse umadziwa kuti ndachimwa, kupatula ine wochimwayo. Ndimayesa amayi a kumjigo akusiya kulankhula ndikafika chifukwa chondimvera chisoni pakhosi. Ndimayesa amayi aakulu akundithandiza kuphika. Ndinafika powatumizira mandimu awiri owathokoza.

Sindinakhale chete kwa inu. Ndinalemba pa 13. Lero ndapita kwa a Kalebe ndi kapepala kowafunsa, ndipo apisa m'thumba la jekete n'kuitulutsa kalatayo, yapindika ngati chitumbuwa. Akuti njinga inathyoka tcheni tsiku lomwelo, yakhala sabata kwa amakanika, ndipo anaiwala. Ndawapatsanso pamodzi ndi ino. Muyambe kuwerenga imeneyo.

Dzulo ndinalimba mtima kupita kwa amayi aakulu. Ndinakonza mawu onse m'njira. Nditagwada n'kutsegula pakamwa panatuluka kaphokoso ngati ka mwanapiye, misozi n'kuyamba. Iwo anati kulira n'chiyambi cha kulapa. Ndinawaonetsa kalata yanu ya madzi amchere. Anaiwerenga yonse bwinobwino, kenako anati kalatayo ikunena za kapu ndi kasupuni, sikunena kuti mankhwalawo amamwera kuseri kwa chigafa pali mwamuna. Ndinalemba pansi ndi chala kuti ndimachita manyazi. Anati manyazi ndikanachita kale.

Kulirako kwabwezanso mawu m'mbuyo. Atate sakundiyang'ana kumaso. Mawa ndiwaperekeza kuchipatala monga mwanenera, nanenso akandione. Elia atsibweni amuletsa kudutsa njira ya kuchigafa. M'mawa uno pamtanda panalibe mandimu, panali kapepala ka paketi ya shuga kolembedwa kuti, “Loweruka ndibwerabe.” Kwa iyeyo imeneyo ndi kalata yaitali.

Achemwali, bwerani. Inu mukalankhula anthu amamva. Kusukulu mumandiyankhira, kuchipatala mumandiyankhira, ngakhale pamaliro a amayi munandiyankhira. Bwerani mudzandiyankhirenso kamodzi kokha. Ndikapanda kumveka Loweruka, Elia ndamutaya, ndiponso dzina langa.

Rakele

*

Mponela
Lachinayi, 22 Juni 2023

Mng'ono wanga,

Makalata onse awiri afika. A Kalebe ndawalankhula mawu oti sangaiwalenso kalata mpaka kukalamba. Undikhululukire chifukwa chokukayikira. Ndinalira, kenako ndinafika pa mbuzi yotsamwa ndi mlonda wofulatira, ndinaseka mpaka alamu ako anabwera kudzaona.

Kubwera sindingathe. Loweruka tili ndi katemera wa ana m'midzi isanu ndipo ndapempha, andikaniza. Ndalembera amayi aakulu, koma ukuwadziwa, adzati ndikuikira kumbuyo mng'ono wanga. Ndipo kunena zoona, ngakhale ndikanabwera, ine kuchigafako kunalibe. Unaliko ndiwe.

Chinthu chimodzi chokha. M'kalata yawo amayi aakulu akudandaula za chule amene akulira kuseri kwa chigafa m'mamawa, mu Juni, madambo atauma. Akuti atsibweni nawonso amamumva. Akuti ndi malodza. Ine ndangokuuza, chochita nazo udziwa wekha.

Usalire, usanong'one, usunge timawu totsalato.

Mercy

*

Kwathu
Lachiwiri, 27 Juni 2023

Okondedwa achemwali,

Moni nonse. Lero kwacha bwino, dzuwa lilipo koma mphepo ikuluma makutu. Ndikanatha kuimba foni, mawu alipo tsopano, koma nkhani iyi sindingainene ndi pakamwa.

Poyamba za atate. Zotsatira za makhololo zinatuluka Lachisanu, TB alibe. Adokotala anati ndi chimfine, azimwa madzi ofunda ndi kupewa fumbi la fodya. Ine anandiunika pakhosi ndi tochi n'kunena zomwe munanena inu. Amayi aakulu atamva anati makina a kuchipatala saona mdulo.

Loweruka anthu anafika cha m'ma 10 koloko. Anakhala pansi pa mtengo wa mango. Kunali atsibweni a Howard pampando, atate, amayi aakulu, Elia ndi amalume ake a Victor amene ndiwo ankhoswe ake. Amayi ena a m'mudzi anapeza zifukwa zodzasankhira nyemba pafupi. Ine anandikhazika pamphasa pakati, pamalo amene ndakhala ndikuwathawa chibadwire.

Amayi aakulu anafotokoza zonse, mchere, chifuwa, masiku anayi, mandimu. Sananame ngakhale pamodzi, ndipo pomvetsera nanenso ndinayamba kudzikayikira. A Victor anafunsa Elia. Elia anati sanandikhudze ngakhale chala, amangondilondera ndikamamwa mankhwala. Atsibweni anafunsa kuti ndi mankhwala anji ofuna mlonda. Elia anandiyang'ana, n'kuyang'ana pansi. Anaona kuti kunena ndi kundichititsa manyazi, ndiye anasankha kukhala chete, mlandu umugwere. Pamenepo ndinadziwa kuti tikadikirana awirife tidzakalamba pamphasapo.

Ndinanyamuka osapempha. Ndinamva wina akuti wathawa. Ndinalowa m'khitchini, ndinatenga kapu yanga, madzi ofunda, mchere ndi kasupuni, n'kubwerera. Ndinasungunula mchere onse akuona. Ndinagwada pamaso pa atsibweni, pamaso pa alendo ochokera ku Phalombe, pamaso pa mwamuna amene ndikufuna azindiona wokongola. Ndinavumata, ndinayang'ana kumwamba, ndinatsinzina.

Achemwali, sindinalizepo chonchija. Nkhuku zinabalalika. Galu wa atsibweni anayamba kuuwa.

Ndinalavula. Kenako atsibweni anavula chipewa, anachiyang'ana mkati, n'kunena pang'onopang'ono kuti, “Mlongo wanga, chule wako uja ndi uyu.”

Atate ndiwo anayamba kuseka, kuseka kosakaniza ndi chifuwa, akuti ndiyenso mbuzi yawo yotsamwa ija. A Victor anagwira pamimba. Amayi osankha nyemba anataya nyemba. Atsibweni anati chuleyo amayamba kulira tambala wachiwiri akangotha, osapuma mpaka kuyera, masabata awiri athunthu, ndipo munthu sangachite zimenezo n'kumachitanso zina. Anatinso mwana amene amabisala akamadya chimanga chootcha sangalize chinthu chotere pakhomo. Amayi aakulu okha sanaseke. Anandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Anamvetsera atapendeketsa mutu, kenako anaphimba nkhope ndi chitenje.

Phokoso litatha atsibweni anavalanso chipewa nati popeza alendo abwera kale, tikambe zimene anayenera kubwerera. Anandifunsa ngati mnyamatayu ndikumudziwa, ndiponso ngati ndikumufuna. Ndinagwedeza mutu. Anati ayi, anthu onse amva kuti kukhosiko kuli mphamvu.

“Ndikumudziwa,” ndinatero. “Ndikumufuna.”

Mawuwo anatuluka ngati a tambala wongophunzira kulira, loyamba lokwera, lachiwiri lothyoka pakati. Koma anamveka mpaka kwa osankha nyemba. Chinkhoswe achiika mu Ogasiti, fodya akagulitsidwa.

Sizinathere pamenepo. Nthawi ya chakudya amayi aakulu anandiitana kukhitchini. Nkhuku ya alendo inali itapsa. Anandipatsa chikho cha mchere m'manja mwanga, anthu akuona pakhomo, nati, “Thira, mwana wanga. Ndiyamba kudya ndine.” Ndinadziwa kuti kumeneko ndiye kupepesa kwawo, ndipo ndinafuna kuwaonetsa kuti ndalandira ndi mtima wonse. Ndinathira, kulawa, osamva bwino. Mphunozi zinali zisanatsegukebe. Ndinathiranso.

Palibe amene akanaisiya nkhukuyo, chifukwa kusiya kukanakhala kunena kuti akundikayikirabe. Amayi aakulu anadya nthuli ziwiri misozi ili m'maso. A Victor anayamikira kuti kwathu kuno mchere sitiumira. Elia anapempha msuzi wina, ndiye ndadziwa kuti amandikondadi. Ndowa ya madzi akumwa inatha, ndinakatunganso kawiri.

Dzulo amayi aakulu anayamba kuyetsemula. Anakhala moyandikana ndi atate masabata awiri akuwaphikira, ndiye inu mukudziwa kumene achitenga. Koma ine, poti anadya mchere wanga, ndinayembekezera kumva kuti mlandu wayambiranso. Madzulo anabwera, anaima pakhomo osalowa, n'kundifunsa motsitsa mawu kuti paja ndi kasupuni kodzaza kapena theka. Ndinati theka.

M'mawa uno kusanayere chule analiranso kuseri kwa chigafa. Ine ndinali m'nyumba, nditafunda. Atate anandiyang'ana, ine ndinawayang'ana, ndipo monga mwa nthawi zonse panyumba pano palibe ananena kanthu.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Ndamaliza kulemba lero Lachiwiri, nthawi ya 4 koloko madzulo.

Ndine mng'ono wanu,
Rakele